Phunziro: Bere la Mbuzi, Nyengo Yobereka ndi Masiku Oyamba a Mwana

Cholinga

Pomaliza phunziroli, mlimi aliyense athe kuwerenga tsiku limene mbuzi yake idzabereke, kusankha nyengo yoyenera, ndi kusiyanitsa mwana wa mbuzi amene ali bwino ndi amene ali pa ngozi.

Tiyambe ndi nswala

Nswala za ku Liwonde ndi ku Majete zimakwerana nyengo yamvula ikangotha, zimakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo zambiri zimabereka mvula yoyamba ikagwa, msipu ukungophuka. Mayi amapeza chakudya, mkaka umachuluka, ana amakula.

Mbuzi zathu si choncho. Zimatenga bere mwezi uliwonse malinga pali tonde. Komanso nthawi ya dzinja timazimangirira kuti zisadye mbewu, ndiye msipu umene nswala imadya momasuka, mbuzi imangouona patali. Choncho ntchito yosankha nyengo ndi ya inu alimi.

Kuwerenga masiku

Mbuzi yofuna tonde imalira kawirikawiri, imagwedeza mchira, ndipo kumaliseche kumatupa pang'ono. Izi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Ikapanda kutenga bere, zizindikirozi zimabwereranso pakatha masiku pafupifupi 21. Zikapanda kubwerera, nthawi zambiri ndiye kuti bere lakhala.

Bere la mbuzi limatenga masiku 145 mpaka 155. Powerenga tigwiritse ntchito masiku 150, kapena kuti miyezi isanu.

- Yokweredwa pa 10 Ogasiti idzabereka cha pa 7 Januwale.
- Yokweredwa pa 1 Disembala idzabereka cha pa 30 Epulo.

Mwana wa mu Januwale amabadwira m'matope ndi m'chinyontho, njoka za m'mimba zili pachimake, mayi ake ali pachingwe. Mwana wa kumapeto kwa Epulo amapeza khola louma, ndipo posakhalitsa mayi ake amamasulidwa kukadya zotsala m'minda. Ngati mukufuna ana a mu Epulo ndi Meyi, phatikizani tonde mu Novembala ndi Disembala. Izi zimatheka pokhapokha anthu a m'mudzi atagwirizana zosunga atonde padera ndi kufula amene sakufunika.

Masabata asanu ndi limodzi omaliza

Apa ndi pamene mwana amakula kwambiri m'mimba. Mbuzi ikasowa chakudya nthawiyi imabereka mwana wochepa ndipo mkaka umavuta. Idulireni udzu, masamba a lukina kapena a nandolo, muwonjezere madeya pang'ono, mchere ndi madzi oyera. Musaithamangitse kapena kuimenya. Musaimwetse mankhwala a njoka musanafunse mlangizi wa ziweto, chifukwa ena amawononga bere.

Tsiku likayandikira mawere amadzaza, m'mbali mwa mchira mumalowa, ndipo mbuzi imadzipatula, kumapalasa pansi. Ikonzereni malo akeake ouma, oyala udzu. Ikakankha mwamphamvu kwa theka la ola popanda chotuluka, kapena nsengwa ikapanda kutuluka pakatha maola 12, itanani mlangizi. Musakoke ndi mphamvu.

Mwana akabadwa

1. Chotsani chinamfine pamphuno ndi pakamwa kuti apume, kenako musiyeni mayi amunyambite. Pomunyambita ndi pamene amazindikira fungo la mwana wake.
2. Viikani mchombo mu ayodini.
3. Mwana wamphamvu amaimirira ndi kuyamwa ola lisanathe. Mkaka woyamba, wachikasu uja, ndiwo umamupatsa chitetezo ku matenda, ndipo thupi lake limalandira chitetezocho bwino m'maola oyamba okha. Likatha tsiku, mwayi wapita. Akalephera, mugwirizireni pabere. Pa mapasa, onetsetsani kuti wamng'ono wayamwanso.
4. Mayi ndi mwana akhale limodzi pamalo awo masiku atatu kapena anayi.

Wabisala kapena wadwala?

Masiku oyamba mwana wa mbuzi amakonda kugona phee pakona kapena mu udzu mayi ake akudya. Ndi chibadwa. Ana a nswala, gwape ndi mbawala amachitanso chimodzimodzi: mayi amawasiya pobisika n'kumabwera kudzawayamwitsa. Mukapeza kamwana ka gwape m'munda, si kamasiye. Kasiyeni pomwepo, agalu muwachotse.

Mwana wa mbuzi amene wangobisala amakhala ndi mimba yokhuta, ndipo mukamudzutsa amadziwongola n'kuyenda. Amene ali pa ngozi amalira mosalekeza, amaima atapinda msana, mimba ili pafupafu. Lowetsani chala m'kamwa mwake. Mukakhala mozizira, mufunditseni kaye kuti atenthedwe, kenako mumuyamwitse. Kutsegula m'mimba kapena kutupa kwa mchombo kumafunika mlangizi tsiku lomwelo.

Ntchito ya pagulu

Jambulani pansi miyezi khumi ndi iwiri. Aliyense aike mwala pa mwezi umene mbuzi yake inabereka chaka chatha, ndi njere ya chimanga pa mwezi umene anataya mwana. Kambiranani:

1. Njere zachuluka miyezi iti? Chifukwa chiyani?
2. Kuti ana abadwe mwezi umene tausankha, tonde aphatikizidwe liti?
3. Ndani adzasunga tonde wa gulu miyezi inayo?

Sabata yamawa aliyense abwere ndi kope lolemba dzina kapena mtundu wa mbuzi iliyonse yaikazi, tsiku lokweredwa ndi tsiku loyembekezera.