Chipala cha pakhomo: tiyambe kugula chida chiti?



Mvula yoyamba ikangogwa, pakhomo pa wosula zitsulo pamadzaza ngati pachigayo. Uyu wabwera ndi khasu lothyoka msuka, uyo nkhwangwa yobuntha, wina chisikilo. Kwa inu a ku Chilwa nkhani ndi yomweyo: kaliyala ya njinga yathyoka ili ndi dengu la matemba, nangula wapindika, mawaya owambirapo mlamba adyeka ndi dzimbiri. Munthu amataya tsiku lathunthu kufunafuna mmisiri, pamene ntchito yake ndi ya ola limodzi.

N'chifukwa chake anyamata ambiri akhala akutifunsa tikatuluka mu mzikiti Lachisanu kuti, "Shehe, ndikufuna kutsegula malo okonzera zitsulo pakhomo, kodi makina owotcherera abwino ndi ati?" Ife timayankha kuti funsolo layambira kumchira. Makina owotcherera ndi chida chomaliza kugula. Mu phunziro lino tifotokoza chifukwa chake, ndi ndondomeko imene taona kuti imathandiza.

Zimene zinatichitikira pakhomo pathu

Mu 2021 mdzukulu wathu wina anatenga ndalama ya katapila n'kukagula makina owotcherera ku Limbe. Sanatiuze, tinangoona katoni yafika. Analibe vayisi, analibe tebulo, ngakhale tupa. Miyezi yoyamba ankangowotcherera ali chonjuta, chitsulo atachiponda ndi phazi. Kenako mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi ma megawati 130. Magetsi anayamba kuzimazima kwa maola ambiri pa tsiku, mpaka chaka chotsatira. Makina aja anangokhala pakona, koma ngongole sinakhale, inkakula mwezi ndi mwezi. Mapeto ake mbuzi zathu zitatu zinapita. Nthawi yomweyo mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nafe, amene ali ndi mvukuto ndi nyundo basi, sanagonepo ndi njala. Makasu ankabwerabe.

Ntchito ya chitsulo si yonyozeka. Sura ya nambala 57 mu Qur'an dzina lake ndi Al-Hadid, kutanthauza chitsulo. Mu sura ya Saba timaphunzira kuti Mneneri Daud, mtendere ukhale pa iye, ankasula zovala zachitsulo za kunkhondo, ndipo analamulidwa kuyeza bwino ntchito yakeyo. Khabbab ibn al-Aratt, mmodzi wa Maswahaba oyambirira ku Makka, analinso wosula. Ndiye mwana wanu akafuna ntchito imeneyi musamuletse. Muthandizeni kuyeza, monga anayezera Daud.

Choyamba: werengani ntchito

Musanatulutse kwacha iliyonse, tengani kope. Kwa mwezi umodzi lembani chitsulo chilichonse chimene chaonongeka m'mudzi mwanu kapena pa doko panu, ndi kumene mwini wake anapita nacho. Mudzadabwa. Zambiri zidzakhala zonola, zowongola, zoboola, zokhoma ndi zosula: makasu, zikwanje, nkhwangwa, ndowa zodontha, makeni othirira kudimba, mbaula. Zofunadi kuwotcherera, monga mafelemu a zitseko, ngolo ndi makaliyala, zidzakhala zochepa pokhapokha ngati muli pafupi ndi msika waukulu ngati Limbuli kapena Chitakale. Kopelo ndi limene likuuzeni choti mugule, osati zimene mwaona kwa mnzanu wa m'tauni.

Chachiwiri: malo

Mangani chisakasa chapadera, chotalikirana ndi nyumba ya udzu, nkhokwe, khola ndi pamene mumayanika maukonde. Ukonde wa nayiloni ndi kanthethe kamodzi ka moto sizigwirizana. Denga likhale la malata, m'mbali mukhale mopita mphepo, pansi pakhale dothi lotsendera bwino lopanda zinyalala. Kuno ku Mulanje mvula ndi yambiri, ndipo chiperoni chikabwera chinyontho chimalowa paliponse. Choncho pezani bokosi lokiya, liikeni pamwamba, ndipo madzulo alionse pukutani zida ndi kansanza ka oilo. Amene tinaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwanso kuti chisakasa sichimangidwa m'khwawa.

Chachitatu: zida zamanja

Apa ndiye poyambira kugula. Pezani tebulo lolimba la matabwa ochindikala, miyendo yake yokwiriridwa pansi kuti lisagwedezeke. Pa tebulopo mangani vayisi. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha chabwino, chikhale vayisi, chifukwa ndiye dzanja lanu lachitatu. Kudula, kupala ndi kupinda, zonse zimafuna chitsulo chogwidwa zolimba.

Kenako nyundo ziwiri, yaing'ono ndi ina ya kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka. Sowo yodulira zitsulo ndi mipeni yake yapadera. Matupa awiri, lafulati ndi lozungulira. Tchizulo, chiboolero, pulayala, masipanala, sizasi yodulira malata, tepi yoyezera ndi sikweya. Posulira pakufunika chitsulo cholemera chokhazikika pa chitsa: mutu wa nyundo yaikulu yoswera miyala kapena chidutswa cha ekiselo ya lole yakufa chimagwira bwino ntchito.

Pogula, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Sipanala yonyezimira yotchipa imatseguka kukamwa pa bawuti yoyamba yolimba. Kawirikawiri chida chakale cha kaunjika, ngati cha m'misika ya Ndirande ndi Limbe, chimaposa chatsopano chopepuka. Vayisi muitsegule mpaka kumapeto, muitsekenso, muone ngati mano ake akukumana ndiponso ngati ilibe mng'alu.

Ndi zida zimenezi zokha mutha kukhoma ndowa, kupanga mbaula, kukonza thiredo pampu, kupanga mathireyi a waya owambira nsomba ndi kunola zida za m'mudzi monse. Ndalama yoyamba imachokera pamenepa.

Chachinayi: moto ndi mvukuto

Makolo athu ankasula makasu magetsi asanabwere. Chipala chimafuna dzenje laling'ono lomata ndi dothi la pachulu, paipi yolowetsa mphepo, ndi mvukuto. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi ukadalipo, koma ambiri lero amalumikiza gudumu la njinga ku kachipupizira ndi lamba wa mphira, mwana n'kumazunguza ndi dzanja. Onjezani mbaniro ziwiri zogwirira chitsulo chamoto.

Makala ake asachokere m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje. Lamulo la zankhalango limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo tonse taona zimene madzi amachita phiri likakhala lambee. Dzalani mitengo yanu m'malire a munda, ndipo gulani kwa amene ali ndi chilolezo.

Wosula ayenera kudziwa kuti zitsulo si zofanana. Chitsulo cha simenti, chija amamangira nyumba, ndi chofewa: ndi chabwino kupangira nangula, zogwirira ndi miyendo ya mbaula, koma mpeni wake sukhalitsa kuthwa. Sipuling'i ya galimoto ndi tupa lakutha ndi zolimba, ndipo ndi zimene zimatulutsa nkhwangwa, kasemasema ndi tchizulo zabwino. Pofuna kusiyanitsa, palani ndi tupa. Likamaluma mosavuta, chitsulocho ndi chofewa. Likamaterereka, ndi cholimba.

Kulimbitsa mpeni kuli ndi masitepe awiri, ndipo ambiri amalumpha lachiwiri. Mukamaliza kusula, tenthetsani kukamwa kwake mpaka kufiire, kufika poti maginito sakukakamiranso. Pamenepo kutentha kwafika cha m'ma digiri 770. Onjezani pang'ono, kenako viikani mu oilo, osati m'madzi ozizira, chifukwa sipuling'i imang'aluka m'madzi. Apa chitsulo chauma gwa, koma chitha kusweka ngati galasi. Ndiye chipaleni chiyere, muchitenthetsenso pang'onopang'ono kuyambira kumsana, mukuyang'ana mtundu ukuyenda kupita kukamwa. Ukafika mtundu wa udzu wouma, ziziritsani: umenewo ndi wa mpeni. Nkhwangwa ndi chikwanje, poti zimamenya, zisiyeni zidere pang'ono kupitirira pamenepo.

Chachisanu: zida za magetsi

Ntchito ikayamba kubweretsa ndalama, ndipo ngati magetsi alipo, chida choyamba cha magetsi chikhale galayinda yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115. Imadula, imapala, imanola. Chachiwiri ndi dirilo ndi mano ake. Makina owotcherera abwere pambuyo pa zimenezi, chifukwa chitsulo chosadulidwa bwino ndi chosapalidwa dzimbiri sichigwirana, ngakhale makinawo akhale odula bwanji.

Musanagule makinawo dzifunseni za mphamvu. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi a mavoti 230. Makina ang'onoang'ono amakono otchedwa inverter amadya magetsi ochepa kusiyana ndi akale olemera aja, komabe amafuna waya wochindikala ndi soketi yawoyawo. Aitaneni odziwa za magetsi aone kaye. Sola ya pakhomo yoyatsira mababu ndi kutchajira foni siingayendetse makinawa. Kajenereta kakang'ono ka pa ukwati nakonso sikangathe, pamafunika ya ma kVA 5 kapena kuposa, ndiye muwerengere mtengo wa mafuta pa ntchito iliyonse. Inu a ku Bondo amene mumalandira magetsi a MEGA ochokera mu mtsinje wa Lichenya, funsani kaye eni ake ngati mzere wanu ungasenze makina otere.

Pa ntchito za m'mudzi marodi a 6013 ndi okwanira. A mamilimita 2.5 ndi a zitsulo zopyapyala monga makaliyala ndi mapaipi, pa ma ampu apakati pa 60 ndi 90. A mamilimita 3.2 ndi a zochindikala monga ngolo, cha m'ma 90 mpaka 130. Marodi akanyowa amathetheka ndipo msoko wake umakhala ndi timabowo, choncho asungeni m'chitini chotseka bwino.

Thupi ndi amana

Maso ndi awiri basi, ndipo sagulitsa pa msika. Pa bajeti ya makina owotcherera muikepo chigoba chakumaso chokhala ndi galasi lakuda, magolovesi a chikopa ndi nsapato zotseka. Magalasi a dzuwa si chitetezo. Amene anayang'anapo moto wowotcherera amadziwa ululu wa usiku wake, m'maso ngati mwathiridwa mchenga. Ana amakonda kuunjikana kudzaonerera, ndiye tchingani ndi lata ndipo athamangitseni, ngakhale alire.

Musachotse chotchinga cha galayinda, ndipo disiki yong'aluka itayeni. Musawotcherere mutaima ponyowa. Malata ndi mapaipi okutidwa ndi zinki amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa, choncho gwirani ntchito yotere pamphepo. Ndipo chonde, inu amene mumadula migolo kuti mupange uvuni wowambira nsomba: mgolo umene munali petulo kapena mankhwala umaphulika ngakhale ukuoneka wouma. Tsegulani zitsekerero zonse, utsukeni ndi sopo, mudzazemo madzi musanayambe kudula, ndipo dulani ndi tchizulo. Wa mankhwala a m'munda usayandikire chakudya ngakhale pang'ono.

Ndalama yake ichokere kuti?

Katapila ndi riba, ndipo riba ndi haraam. Zimene anaona mdzukulu wathu zikukwanira kukhala umboni. Njira yabwino ndi yoti chida chilichonse chigule chinzake: pa ndalama iliyonse yolowa patulani gawo la zida musanagule ndiwo. Mukagulitsa mpunga, nandolo kapena matemba, gulani chida chimodzi nthawi yomweyo, chifukwa ndalama yosunga m'thumba imasungunuka. Tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zida m'masitolo inakwera sabata yomweyo. Abale atatu kapena anayi athanso kusonkherana kugula makina amodzi, koma mgwirizano wake ulembedwe pamaso pa mboni: wasonkha zingati ndani, akusunga ndani, akaonongeka akonza ndani.

Chinanso, samalani ndi chitsulo chimene mukugula. Munthu akabwera usiku ndi chidutswa cha njanji, zitsulo za mlatho, mapaipi a mjigo kapena waya wa magetsi, mubwezeni. Chakuba sichisanduka halaal chifukwa chalowa pamoto, ndipo mjigo umene wazulidwawo ndi womwe amamwa ana anu. Pa ntchito namonso nenani zoona. Ngati khasu latha, muuzeni mwini wake kuti latha, musamate ndi penti.

Pomaliza, chida sichiphunzitsa munthu. Mnyamata ayambe wakhala miyezi ingapo kwa mmisiri wodziwa, azizunguza mvukuto ndi kugwira mbaniro. Amene ali ndi mwayi afunse za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, pakuti satifiketi imathandiza pofuna ntchito zikuluzikulu. Atsikana nawonso amaphunzira ntchitoyi ndipo amaitha.

Mdzukulu wathu uja lero ali ndi vayisi, tebulo ndi chipala. Makina aja akugwira ntchito masiku amene magetsi alipo, ndipo akazima amayatsa makala. Alhamdulillah, ngongole inatha. Ntchito ya sabata ino kwa inu ndi imodzi: gulani kope, muyambe kulemba zitsulo zoonongeka za m'mudzi mwanu. Pakatha mwezi mudzatiuze zimene mwapeza, Insha Allah.

Allah adalitse ntchito za manja anu. Wassalaam alaikum.