Mabatani achidule pa KDE Plasma: oti muloweze ndi oti mudziikire nokha

Kuchokera pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, mabanja ena omwe laputopu yawo singalandire Windows 11 akhala akuikamo Linux m'malo moitaya. Ngati wokuikirani adasankha Kubuntu kapena Fedora KDE, zonse mukuziona pasikirini, kuyambira kamzere ka m'munsi mpaka mawindo, ndi Plasma. Amaipanga ndi a gulu la KDE, lomwe Matthias Ettrich adaliyambitsa mu 1996 ali wophunzira ku Tübingen, ku Germany. Ndi yaulere, ndipo imalola mwini kompyuta kusintha pafupifupi chilichonse, ndi mabatani achidule omwe. Oyamba kumene akatsegula mndandanda wa mabataniwo amagwa ulesi ndi kutalika kwake, n'kubwerera ku mausi. Pakhomo simufunika onsewo. Ochepa chabe ndi amene angakuthandizeni tsiku ndi tsiku, makamaka palaputopu yomwe touchpad yake yayamba kuvuta.

Choyamba dziwani Plasma yanu ndi iti, poona mu Info Center. Plasma 6 idatuluka mu Febuluwale 2024, koma Kubuntu 24.04 imabwera ndi Plasma 5.27, ndipo mabatani ena amasiyana. Batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows, kumanzere m'munsi mwa kiyibodi, Plasma imalitcha Meta. Pomwe palembedwa Meta+E, gwirani loyambalo osasiya, dinani lachiwiri, kenako siyani onse.

Mukati muloweze amodzi okha, akhale Alt+Space. Amatsegula kabokosi kolembamo kotchedwa KRunner, pamwamba pa sikirini. Lembani zilembo zoyambirira za dzina la pulogalamu, monga fire, ndipo Firefox ionekera. Dinani Enter, yatseguka. Lembani mbali ya dzina la fayilo, kabokosiko kakufunirani. Kamachitanso masamu: mukalemba 4500*12 yankho limabwera pomwepo, choncho powerengetsa fizi kapena ndalama za golosale simufunikanso kusaka kakyuleta. Kamasinthanso miyeso mukalemba m'Chingerezi, monga 10 miles in km. Alt+F2 amatsegula kabokosi komweko, ndipo Esc amakatseka. Meta payekha amatsegula mndandanda wa mapulogalamu onse, Meta+E amatsegula Dolphin, momwe mumaonera mafayilo ndi mafoda.

Za mawindo sizovuta. Alt+Tab amakudumphitsani kuchoka pawindo lina kupita pa lina, monganso pa Windows. Meta+W amayala mawindo onse otsegula kuti musankhe. Meta+D amawabisa onse kwakanthawi. Mwana akamalemba ntchito ya kusukulu, muonetseni Meta ndi muvi woloza kumanzere, kenako pawindo linalo Meta ndi muvi woloza kumanja: Firefox itenga theka la sikirini, LibreOffice Writer theka linalo, ndipo aziwerenga uku akulemba. Palinso kanjira kena komwe ambiri sakadziwa. Pasikirini yaing'ono, nthawi zina windo limatalika mpaka batani la OK kubisika m'munsi. Gwirani Meta, dinani ndi mausi paliponse m'kati mwa windolo, n'kulikokera m'mwamba. Silifuna kuti muligwire kumutu.

Meta+V ndi abwino, komanso ndi ofunika kusamala nawo. Plasma imasunga zinthu zingapo zomwe mwakopera posachedwa ndi Ctrl+C, osati chomaliza chokha, ndipo Meta+V amakuonetsani zonsezo kuti musankhe choti mumate. Polemba makalata ofunsira ntchito, pomwe adiresi ndi nambala ya foni zimangobwerezedwa, zimenezi zimapepukitsa ntchito. Koma kompyuta ya pakhomo imagwiridwa ndi manja ambiri. Mukakopera pasiwedi kapena nambala ya akaunti ya ku banki, wobwera pambuyo panu atha kuiona pongodina mabatani awiriwa. Mukamaliza za ndalama, tsegulani mndandandawo n'kuufufuta wonse. Mukamadzuka kukathira madzi pamoto, dinani Meta+L kuti sikirini ikiyike. Chabwino koposa, aliyense m'banjamo akhale ndi akaunti yake pakompyutapo. Mabatani omwe munthu wasintha amakhalanso a akaunti yake yokha, ndiye bambo sangasokoneze zala za mwana.

Pulogalamu ikauma, musathamangire batani lozimitsira kompyuta, chifukwa kuzimitsa mokakamiza kumatha kuononga mafayilo ena omwe analibe vuto. Yesani kaye Alt+F4, n'kudikira pang'ono, popeza nthawi zambiri Plasma imafunsa yokha ngati mukufuna kuitseka mokakamiza. Zikakanika, dinani Meta+Ctrl+Esc, kapena Ctrl+Alt+Esc ngati Plasma yanu ndi yakale. Kamuvi ka mausi kasanduka chigaza, ndipo windo lomwe mudine lifa nthawi yomweyo, pamodzi ndi zonse zomwe simudasunge. Mukasintha maganizo, dinani Esc musanakhudze kalikonse. Ana asaphunzitsidwe msanga ameneyu. Aphunzitseni Ctrl+S, kuti azisunga ntchito pafupipafupi, poti batire la laputopu yakale silidikira magetsi akathima.

Agogo akamadandaula kuti zilembo zachepa, Meta pamodzi ndi batani la + amakulitsa sikirini yonse, Meta ndi − amaichepetsa, Meta+0 amaibweza mwakale. Batani la Print, lomwe pamakiyibodi ambiri palembedwa PrtSc, limatsegula Spectacle yojambulira sikirini, ndipo Meta+Shift+Print amakulolani kujambula kachigawo kokha, monga lisiti la zomwe mwalipira pa intaneti. Mu Dolphin, F2 amasintha dzina la fayilo, F3 amagawa windo pakati kuti kwina kukhale mafayilo anu, kwina flashi. Delete amaponya fayilo mu Trash, momwe mungaitolenso, pamene Shift+Delete amaifufutiratu. Funso lomwe limabwera pamenepo muziliwerenga.

Tsopano za kudziikira anu. Tsegulani System Settings, pitani pa Keyboard, kenako Shortcuts. Mu Plasma 5, Shortcuts ili payokha pamndandanda wa kumanzere. Pamwamba pali polemba dzina la chomwe mukufuna, ndiye simufunika kutsika mzere ndi mzere. Mukachipeza, dinani poonjezera mabatani atsopano, kenako dinani pakiyibodi mabatani omwe mwasankhawo, n'kumaliza ndi Apply. Pulogalamu yomwe palibe pamndandanda mumaionjeza nokha posankha Application. Umu ndi momwe mungapulumutsire laputopu yomwe batani lina lidafa: ngati PrtSc sagwiranso, ntchito yake ipatseni mabatani ena amoyo.

Ine ndimati anu onse aziyamba ndi Meta, ndipo Ctrl mumusiyire mapulogalamu. Chifukwa chake n'chakuti Plasma ndi imene imayamba kumva batani lililonse pulogalamu isanalimve. Mukatenga Ctrl+P kuti azitsegula nyimbo, tsiku lomwe wina adzafune kupulinta kalata mu Writer kudzalira nyimbo, ndipo palibe adzakumbukire chidachitika n'chiyani. Mabatani omwe mwasankha akakhala kuti ali kale ndi ntchito mu Plasma momwemo, imakuchenjezani musanawalande. Mwachitsanzo Meta+T, omwe mungawafune kuti azitsegula Thunderbird, kuyambira pa Plasma 5.27 amatsegula pokonzera kagawidwe ka sikirini. Ngati ntchitoyo simuifuna, alandeni. Ngati simukuidziwa, sankhani ena. Musasinthe ambiri tsiku limodzi. Awiri kapena atatu, zala zizolowere, ndiye muonjezere. Zikasokonekera, batani la Defaults limabweza zonse mmene zidabwerera. Mukakhutira nazo, dinani Export n'kusunga kafayiloko pa flashi, kuti tsiku lodzaikanso Linux mudzangodina Import.

Kwa olemba Chichewa pali kasinthidwe kamodzi kamene ndi kofunika kuposa ena onsewa. Chilembo cha ŵ, chomwe ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi, pakiyibodi palibe, ndipo ambiri amachita kukachikopera pa intaneti. Mu System Settings, pansi pa Keyboard, tsegulani Key Bindings, yomwe mu Plasma 5 imatchedwa Advanced, chongani polola kusintha, n'kupeza mzere wa Position of Compose key. Sankhani batani lomwe simuligwiritsa ntchito, monga Menu kapena Alt wa kumanja. Caps Lock aliponso pamndandandawo, koma mukamusankha asiya kulemba zilembo zazikulu. Mukadina Apply, kalembedwe kake ndi aka, ndipo pano mabatani amadinidwa motsatizana, osati pamodzi: dinani batani mwasankhalo n'kulisiya, lembani ^ pogwira Shift ndi 6, kenako w. Pofuna Ŵ wamkulu, womalizayo mumulembe mutagwira Shift.