Kuthamanga si kufika

Akakuuzani kuti ndalama zanu za pa intaneti zifika pompopompo, mumafunsa kuti akuzilondera panjira ndani?

Mu 2021 masewera a Axie Infinity adagwira mitima ya anthu, makamaka ku Philippines. Poti kutumiza ndalama pa Ethereum, njira ya crypto yomwe masewerawo ankadalira, kunkachedwa komanso kudula, kampani ya Sky Mavis ya ku Vietnam, eni masewerawo, idakonza njira yakeyake yotchedwa Ronin. Changu chidapezekadi, koma alonda adachepa: otsimikiza malonda anali 9 okha, ndipo 5 akangosaina, ndalama zinkatuluka. Pa 23 Malichi 2022 mbava zidagwira makiyi osainira 5 nʼkukokolola ndalama za crypto zokwana 173,600 ETH ndi 25.5 miliyoni USDC, chuma choposa madola 600 miliyoni. Boma la America lidaloza chala gulu la Lazarus la ku North Korea.

Taonani pomwe padalakwika. Makiyi 4 anali mʼmanja mwa Sky Mavis yokha, choncho wothyola nyumba imodziyo ankangotsala ndi kiyi imodzi. Nanga yachisanuyo adaipeza bwanji? Mu Novembala 2021 osewera atachuluka, bungwe la Axie DAO, lomwe linali ndi kiyi yakeyake, lidalola Sky Mavis kuti izisaina mʼmalo mwake, ntchito isaime. Mu Disembala mgwirizanowo udatha, koma chilolezo palibe amene adachifufuta. Mbava zidalowera pomwepo. Choopsa china, padatha masiku 6 eni ake ali phee. Adadzidzimuka pa 29 Malichi, munthu wina atalephera kutulutsa 5,000 ETH zake.

Musawaseke. Inuyo, ndi zilolezo zingati zomwe mudavomereza pa chikwama chanu cha crypto mukuti nʼzalero lokha? Mudabwererako kukazichotsa?

Pa Arbitrum ndi Optimism, njira zina zolumikizana ndi Ethereum, wobweza ndalama ku Ethereum amadikira pafupifupi masiku 7. Kudikirako nʼkwadala, kuti woona chinyengo apeze mpata wotsutsa ndalama zisanapite. Tsono wina akakulonjezani kudumpha masikuwo, mufunseni kuti wachotsapo chiyani. Osaina ndi angati? Kodi ndi anthu osiyanadi, kapena ndi bwana mmodzi wa mayina ambiri? Chuma chochuluka chikatuluka usiku, ndani amadziwa, ndipo angachiimitse?

Akayankha mozungulira, kapena akangotamanda liwiro osatchula alonda, ndalama zanu musaikepo. Ndipo lero lomwe, tsegulani chikwama chanu mufufute zilolezo zakale zija.