Mawanga ndi tizotupa ta pakhungu: zochita musanagwire lezala

Mayi akamasambitsa khanda lake n'kuona banga lotuwa ngati mtambo wa mvula pamatako, mtima umanyamuka. Ena amathamangira kwa sing'anga, ena amayamba kuloza zala abale. Komatu zambiri zotuluka pakhungu sizivulaza. Chimene ndaona chikuvulaza anthu ndi lezala, ulusi ndi mankhwala owotcha omwe amathira pofuna kuzichotsa.

Yambani ndi kudziwa chimene mukuona. Banga la pamatako lija ana ambiri akhungu lakuda amabadwa nalo, ndipo kawirikawiri limazimirira lokha mwana akamafika zaka 4 kapena 5. Si matsenga, komanso silibwera chifukwa cha chimene mayi anadya ali woyembekezera. Palinso kachotupa kofiira ka timitsempha ta magazi komwe kamatuluka m'milungu yoyamba, kukula kwa miyezi ingapo, kenako n'kumaphwa pang'onopang'ono kwa zaka. Kasiyeni. Koma kakakhala pachikope, pamphuno kapena pamlomo, kaya kachita chilonda, musadikire tsiku la sikelo; ka pachikope kakakula kangatseke diso lomwe likuphunzira kuona. Mawanga osalala ofanana ndi tiyi wamkaka akakwana 6 kapena kupitirira, kaonetseni mwanayo kuchipatala.

Kwa akuluakulu, timadontho takuda tomwe timachuluka m'masaya ndi m'khosi munthu akamakula timayenda m'magazi a kumtundu, ndipo tilibe vuto. Chimodzimodzi tinyama tolendewera m'khwapa, komanso chotupa cha mafuta chofewa chomwe chimasuntha mukachikankha ndi chala. Njerewere zimabwera ndi kachilombo, ndipo mwa ana zambiri zimatha zokha pasanathe zaka 2.

Chachiwiri, dziyang'aneni kamodzi pamwezi, masana, mukangosamba. Kumsana akuonereni akunyumba kwanu. Kenako khalani pampando, tukulani phazi muone pansi pake, pachidendene, pakati pa zala, m'zikhadabo ndi m'manja momwe. Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse. Kwa ife akhungu lakuda, khansa ya pakhungu yoopsa kwambiri, ya melanoma, imakonda kubisala malo amenewa, komwe dzuwa silifika ndipo maso sapitako. Woimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36, ndipo khansa yake inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Banga lakuda la kuphazi musamangoti ndinaponda chitsa kumunda.

Chachitatu, sungani umboni. Ikani lula wa mwana wasukulu pambali pa bangalo, lijambuleni ndi foni, ndipo lembani tsiku. Mulibe foni? Lembani kukula kwake pa kapepala n'kukasunga m'buku la kuchipatala. Maso amaiwala msanga.

Tsopano zizindikiro zoti munyamuke. Banga likamakula kapena kusintha mtundu, m'mbali mwake mukakhala mokumbikakumbika, likakhala ndi mitundu ingapo, likaposa mamilimita 6, kufanana ndi labala wa kumapeto kwa pensulo, likamayabwa, kutuluka magazi kapena kusanduka chilonda chosapola, pitani kuchipatala. Mawanga akuda kapena ofiirira otuluka m'miyendo kapena m'kamwa, makamaka mwendo ukamatupa n'kuuma ngati thabwa, angakhale khansa ya Kaposi yomwe ndi yofala kuno kwathu. Pemphani kuti akuyezeninso HIV. Abale athu achialubino asachedwe ndi kachilonda kalikonse ka kumaso, m'makutu kapena m'khosi, chifukwa khungu lawo silitetezeka ku dzuwa.

Chomaliza, musadule nokha. Ndikudziwa kuti kanyama kolendewera kamakola mkanda ndipo kadontho ka pamphuno kamachititsa manyazi. Koma khungu lathu limafulumira kuchita zipsera zotupa. Mwaonapo mtsikana amene anangoboola khutu kuti avale ndolo, pano ali ndi chotupa cholimba ngati nthudza chikulendewera kukhutuko. Kutema mphini pa banga, kulimanga ndi ulusi kapena kulithira asidi wa m'batire kungakusiyireni chipsera choposa chimene mumathawa, ndipo chipsera chotere mukachidula kawirikawiri chimabwerera chitakula. Choopsa china n'chakuti mukadula n'kutaya kanyamako, mwataya chimene madokotala akanapima kuti adziwe ngati inali khansa.

Yambirani kuchipatala cha kufupi ndi kwanu, mutatenga zithunzi zija ndi buku lanu. Nenani tsiku limene munayamba kuliona ndi mmene lasinthira. Akakayika, adzakutumizani kuchipatala cha boma lanu kapena kuzipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe angadule kachidutswa n'kukapima. Mukakasamba mawa, yambani ndi kuyang'ana pansi pa mapazi anu, kenako muonenso a agogo.