Eyakoni ikamatulutsa mpweya wofunda

Wofunsa: Bambo, eyakoni ikuyaka bwinobwino, fani ikuzungulira, koma mpweya umene ukutuluka ndi wofunda. Ndiye kuti gasi watha?

Mlangizi: Ambiri amathamangira ku gasi, mayi, koma gasi amayenera kuganiziridwa pomalizira. Eyakoni yofala m'nyumba zambiri ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo cha m'kati, chopachika pakhoma chija, chimakoka mpweya wa m'chipinda n'kuudutsitsa pa timapaipi tozizira. Gasi wa m'timapaipimo amayamwa kutentha n'kutuluka nako panja. Chigawo cha panja chili ndi kompuresa yopopa gasiyo komanso fani youluza kutenthako. Ntchito yonse ndi yosamutsa kutentha kuchoka m'chipinda kupita kunja. Mpweya ukamatuluka wofunda, ndiye kuti penapake pa njira imeneyi pasokonekera, ndipo kufufuza kumayambira pa zinthu zosalira ndalama.

Wofunsa: Monga ziti?

Mlangizi: Rimoti. Eyakoni zambiri zimatha kuziziritsa, kufunditsa, kuumitsa chinyontho, kapena kungopemerera mphepo. Chilichonse chili ndi chizindikiro chake pagalasi la rimoti: kanyenyezi ka ayezi ndi koziziritsa, dzuwa ndi lofunditsa, dontho la madzi ndi loumitsa, ndipo kachithunzi ka fani n'kongopemerera. Mwana akangodina batani limodzi, makina amachoka pa kanyenyezi n'kupita pa fani, kompuresa osayaka n'komwe. Nambala nayonso iyenera kukhala yotsika kuposa kutentha kwa chipinda. Ngati chipinda chili pa madigiri 27 ndipo rimoti yaikidwa pa 28, makina saona chifukwa choziziritsira. Kuika pa 24 kumakwanira.

Pali chinanso. Magetsi akazima n'kubweranso, kompuresa imadikira pafupifupi mphindi 3 isanadzuke. Opanga anaikamo dala kuchedwa kumeneku kuti mphamvu ya gasi iyambe yafanana mbali zonse, kompuresa isavutike poyamba. Pa mphindi zimenezo mpweya umatuluka wofunda, koma palibe chawonongeka.

Wofunsa: Nanga rimoti ikakhala kuti ili bwino?

Mlangizi: Chotsatira ndi sefa, ndipo vuto la makina ambiri limapezeka pamenepa. Chitseko cha kutsogolo kwa chigawo cha m'kati chimatseguka pochikweza ndi manja, ndipo kuseri kwake kuli masefa awiri a ukonde wa pulasitiki. Magetsi azimitsidwe kaye pakhoma. Sefa ikasololedwa, aiyang'anitse kumene kukuwala: ngati kuwala sikudutsa, mpweyanso sukudutsa. Kawirikawiri imapezeka itakutidwa ndi fumbi lotuwa lomatana ndi ubweya wa zovala, loti munthu angathe kulisenda ndi chala. Itsukidwe ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, ndi sopo wochepa, kenako iumitsidwe pamthunzi. Madzi otentha ndi dzuwa lamphamvu zimapinda pulasitikiyo.

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, fumbi likachuluka ndiponso makina akamagwira ntchito usana ndi usiku, sefa imafuna kutsukidwa pakatha milungu iwiri iliyonse. Nyumba yoyandikana ndi msewu wafumbi isamadikire n'komwe kuti milungu iwiriyo ikwane.

Wofunsa: Ena amati akatsegula chitsekocho amapeza ayezi. Zingatheke bwanji kuti makina ali ndi ayezi koma sakuziziritsa?

Mlangizi: Zimachitika ndithu. Mpweya wofunda wa m'chipinda ukalephera kufika pa timapaipi, timazizira mopyola muyeso, ndipo chinyontho chimene chimayenera kudontha ngati madzi chimaundana pomwepo. Ayezi uja amatseka mipata yotsala, mpweya n'kucheperachepera. Akapezeka, kuziziritsa kuyimitsidwe, makina asiyidwe pa fani yokha mpaka ayezi yense asungunuke, ndipo pansi patchingidwe ndi beseni kapena nsanza. Kukokota ayeziyo ndi mpeni n'koletsedwa: timapaipiti n'topyapyala, ndipo kuboola kamodzi kokha kumatulutsa gasi yense. Ngati sefa ndi yoyera koma ayezi akubwereranso, pamenepo mpamene gasi amayamba kukayikiridwa.

Wofunsa: Ku chigawo cha panja, munthu wamba angaone chiyani?

Mlangizi: Angaone zambiri popanda kumasula bawuti iliyonse. Makina akamaziziritsa, fani ya panja iyenera kuzungulira, kompuresa iyenera kumveka ikulira chapansipansi, ndipo mpweya wotuluka kutsogolo uyenera kukhala wotentha kuposa wa pabwalo. Kumbuyo ndi m'mbali kuli timalata topyapyala tondandana. Fumbi, masamba, udzu ndi nthenga zikadzaza pamenepo, kutentha kumasowa potulukira. Kompuresa imatentha kwambiri n'kudzizimitsa yokha, pomwe fani ya m'nyumba ikupitiriza kupemerera mpweya wamba. M'madera monga Nsanje ndi Chikwawa, kumene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, makina akuda sachedwa kugonja masana, ngakhale kuti m'mawa amaoneka abwinobwino.

Magetsi atazimitsidwa, timalatato titsukidwe ndi burashi yofewa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, mosamala kuti tisapindike ndiponso madzi asalowe m'bokosi la mawaya. Matumba a makala, zidebe ndi zovala zoyanika zichoke pafupi. Chigawochi chimafuna mpata wopumira, ndipo kuchimangira kanyumba kotseka mbali zonse poopa akuba kumachipha msanga. Chitetezo chabwino ndi cha zitsulo zokhala ndi mipata.

Wofunsa: Nanga chigawo cha panjacho chikangokhala chete?

Mlangizi: Poyamba aone pa bokosi la magetsi la nyumba ngati swichi ya eyakoni yagwa. Aikweze kamodzi kokha. Ikagwanso, aisiye choncho, chifukwa ikuteteza nyumba ku moto. Ngati magetsi akufika koma makina akungong'ung'udza, fani osazungulira, nthawi zambiri yafa ndi kapasita, kachitini kamene kamathandiza mota kudzuka. Yowonongeka imatha kuoneka yotupa pamwamba. Si yodula poyerekeza ndi kompuresa, koma imasunga mphamvu ya magetsi ngakhale makina atazimitsidwa, motero woisintha akhale mmisiri. Abuluzi ndi nyerere zikalowa m'bokosi la mawaya zimawononganso zipangizo za m'menemo. Magetsi ofooka nawonso amalepheretsa kompuresa kudzuka. Makina ogulitsidwa ku Malawi ndi ku Zambia amayembekezera mavoti pafupifupi 230, ndipo jenereta yaing'ono imatha kuyatsa mababu ndi fani koma n'kulephera kunyamula kompuresa.

Wofunsa: Tsopano za gasi uja, bambo. Amatha pakapita nthawi yaitali bwanji?

Mlangizi: Gasi wa eyakoni satha ngati palafini wa mu nyali. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pakudontha. Zizindikiro zake zimaoneka pamene mapaipi awiri a kopa amalumikizana ndi chigawo cha panja. Makina abwino akamaziziritsa, paipi yaikulu imakhala yozizira ndi yonyowa ngati yachita thukuta. Ikakhala yofunda, yaing'ono itayera ndi ayezi, kapena pa manati pakaoneka mafuta omata fumbi, gasi akutuluka, pakuti mafuta a kompuresa amatuluka naye limodzi.

Apa mwini nyumba asamale ndalama zake. Mmisiri amene amangothira gasi osafufuza podontha adzaitanidwanso posachedwa, ndipo kompuresa yogwira ntchito ndi gasi wochepa imatentha mpaka kupsa. Mmisiri wodziwa ntchito amayeza ndi mageji, amafufuza podontha ndi thovu la sopo kapena chipangizo chake, amakonza, amapopa mpweya ndi chinyontho zonse kuchoka m'mapaipi, kenako n'kuthira gasi pa sikelo. Mtundu wa gasi ndi kulemera kwake zalembedwa pa chikwangwani cha chigawo cha panja. Makina akale amagwiritsa ntchito R22, amene mayiko akumusiya pang'onopang'ono potsatira pangano la ku Montreal la 1987, chifukwa amawononga ozoni mumlengalenga. Atsopano ali ndi R410A kapena R32. Mitunduyi siisakanizidwa, ndipo R32 amatha kuyaka, choncho moto usayandikire pamene akudontha.

Wofunsa: Zonsezi zikakhala bwino koma chipinda sichikuzizirabe?

Mlangizi: Ayeze ndi choyezera kutentha mpweya wolowa pamwamba pa makina ndi wotuluka pansi, makina atayenda mphindi 15. Kusiyana kukakhala madigiri 8 mpaka 12, makina ali bwino, koma chipinda chawakulira kapena kutentha kukulowa kwambiri. Eyakoni ya mphamvu yoziziritsira ya 12,000 BTU imakwanira chipinda cha pafupifupi masikweya mita 20. Denga la malata lopanda siling'i, mawindo oyang'ana kumadzulo opanda makatani, ndi zitseko zosiyidwa pululu zimalowetsa kutentha kochuluka kuposa kumene makina otere angatulutse. Pamenepo chofunika ndi siling'i, makatani ochindikala ndi kutseka mipata, kapena makina a 18,000 BTU.