Onetsani mbiri ya pulogalamu yanu ndi Gource, koma musasiye foda ya .git

Ophunzira za makompyuta ku MUBAS pa Chichiri, ngakhalenso achinyamata olemba mapulogalamu m'maofesi a ku Limbe, amavutika kusonyeza kuti ndani anachita chiyani pa pulojekiti ya gulu. Gource, pulogalamu yaulere imene analemba Andrew Caudwell wa ku New Zealand, imawerenga mbiri ya Git n'kuijambula ngati mtengo ukukula. Mafoda ndiwo nthambi, mafayilo ndi timadontho, ndipo dzina la aliyense limayendayenda pa mafayilo amene anakhudza.

Pa Ubuntu lembani sudo apt install gource, lowani m'foda ya pulojekiti, lembani gource. Zokonzekera n'zomwezo.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Mbiri yonse imakhala m'foda yobisika ya .git. Mukadina Download ZIP pa GitHub, mumalandira mafayilo a lero okha, mbiri mulibe. Mnzanu akasankha mafayilo ooneka okha n'kukukoperani pa fulashi kapena kukutumizirani pa WhatsApp, .git imatsala. Ndaona magulu ambiri usiku woti mawa akaonetsa pulojekiti, Gource ikukana kutseguka, iwo n'kumanena kuti laputopu ndi yakale. Laputopu ilibe mlandu.

Gwiritsani ntchito git clone. Musamvere okuuzani kuti muwonjezere --depth 1 kuti bandulo isathe msanga: zimenezo zimadula mbiri n'kusiya commit imodzi yokha. Pulojekiti ya ophunzira nthawi zambiri ndi ya ma megabyte ochepa, bandulo ya tsiku limodzi ya Airtel kapena TNM imakwana. Musanapitirire lembani git log --oneline. Mukaona mzere umodzi wokha, mbiri mulibe, bwererani mukatenge ndi git clone. Ndikubwereza: popanda .git, Gource ilibe choonetsa.

Onaninso mayina ndi git shortlog -sn. Ngati munthu mmodzi akuoneka kawiri chifukwa amasinthasintha makompyuta, phatikizani mayinawo m'fayilo ya .mailmap. Koma ngati nonse munkachita commit pa laputopu imodzi ndi dzina limodzi, Gource ionetsa munthu mmodzi akugwira ntchito yonse, ndipo mphunzitsi adzakhulupirira zimene akuona.

Filimu ya Gource ikamachedwa, onjezerani --seconds-per-day 1. Inu amene mukuyamba pulojekiti sabata ino, aliyense alembe dzina lake ndi git config user.name lero lomwe, ndipo azichita commit ntchito yake yekha.