MUTU 14: Kulemba Nkhani ya pa Intaneti Imene Owerenga Angaipeze

Zolinga

Pomaliza mutu uno, wophunzira ayenera kufotokoza m'mene makina ofufuzira amapezera nkhani, kukonza mutu ndi ndime yoyamba ya nkhani yake kuti owerenga aipeze msanga, ndiponso kukonza phunziro la cimangirizo la magiredi apamwamba a pulaimale logwiritsa nchito mfundo zimenezi.

Mau oyamba

Kale mphunzitsi akalemba nkhani ya m'magazini ya sukulu, ankadziwiratu amene adzaiwerenga: ana, makolo ao, ndi aphunzitsi anzake. Nkhaniyo inkapita yokha kwa owerenga, yomatidwa pa bolodi kapena yopindidwa m'thumba la mwana. Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti m'caka ca 1994 kudzera mu ZAMNET, imene inayambira pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka, ndipo lero aphunzitsi ndi masukulu ena amaika nkhani zao kumeneko. Pa intaneti zinthu zimayenda mosiyana. Nkhani imakhala pamalo amodzi, ndipo wowerenga ndiye ayenera kuifunafuna pakati pa masamba osawerengeka.

Wophunzira wina wa pa koleji pano analemba nkhani yokoma ya mwambo wa Kulamba, naipatsa mutu wakuti "Tsiku Losaiwalika". Patapita miyezi anabwera kudzadandaula kuti palibe amene akuiwerenga. Ndinamufunsa kuti, "Munthu wofuna kudziwa za mwambowu adzalemba mau ati pofufuza?" Iye anati, "Kulamba." Titayang'ana pamodzi tinapeza kuti liuli linayamba kuoneka m'ndime yacinai. Ndime zitatu zoyamba zinali za minibasi, fumbi ndi kudzuka m'mamawa. Cinenero cake cinali cabwino ndithu, koma nkhaniyo inali itabisa dzina lake.

M'mene makina ofufuzira amagwirira nchito

Makina ofufuzira monga Google, imene Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa mu 1998, amagwira nchito zitatu. Coyamba, mapulogalamu ake amayenda pa intaneti usana ndi usiku, kutsata malinki kucokera pa tsamba lina kupita pa lina, ndi kukopera zimene apeza. Kenaka mau a pa tsamba lililonse amaikidwa m'mlozera waukulu, wofanana ndi uja timaupeza kumapeto kwa buku la sayansi. Munthu akalemba funso lake, makinawo amayang'ana m'mlozeramo nasanja masamba, kuyambira limene akuganiza kuti likuyankha bwino koposa.

Posanja amayang'ana zinthu zambiri. Zofunika kwa ife ndi izi: ngati mau a wofufuza akupezeka m'mutu ndi m'nkhani, ngati masamba ena odalirika ali ndi malinki olozera ku tsambalo, ndiponso ngati tsambalo limatseguka bwino pa foni. Tsamba limene palibe linki yolozera kwa ilo lili ngati mudzi wopanda njira yofikako. Dziwaninso kuti zimene mwatumiza pa WhatsApp kapena m'gulu lotsekeka la pa Facebook makinawa sazionako konse.

Mutu wa nkhani

Ife a Cinyanja tinazolowera kupatsa cimangirizo mutu wa mwambi. Mwana akalemba za mlimi amene anathira feteleza molakwika cifukwa cosafunsa alangizi, mutu wake umakhala "Safunsa Anadya Phula", ndipo mphunzitsi amakondwa. Ine ndimakondwanso, ndipo sindifuna kuti mwambo umenewu ufe. Pa nthano, ndakatulo ndi nkhani yopeka mutu wotere ndi woyenera, pakuti wowerenga wabwera kudzasangalala ndipo safuna kuuzidwa zonse pakhomo. Koma nkhani yofotokoza ndi ina. Mlimi amene cimanga cake cacita cikasu salemba mwambi pofufuza. Amalemba kuti "kathiridwe ka feteleza". Cotero mutu ukhale wakuti "Kathiridwe ka Feteleza m'Munda wa Cimanga", ndipo mwambiwo ulowe m'kati mwa nkhani pamalo pamene ukugwira nchito yake.

Google imaonetsa malembo pafupifupi 60 a mutu, otsalawo imawadula. Motero liu lofunika koposa likhale pafupi ndi poyambira. Nkhani ya wophunzira uja tinaipatsa mutu wakuti "Mwambo wa Kulamba ku Mkaika: Mbiri Yake ndi Zocitika Zake", umene uli ndi malembo 57 tikawerenga ndi mipata yomwe.

Vuto la kalembedwe ka mau

Apa ndipo pali vuto limene olemba m'Cingerezi sakumana nalo kwenikweni. Cinenero cathu ndi cimodzi koma cili ndi maina awiri ndi kalembedwe kosiyana. Ku Malawi boma linasintha dzina kucoka pa Chinyanja kukhala Chichewa mu 1968. Kuno ku Zambia Unduna wa Maphunziro unatulutsa kalembedwe kovomerezeka ka zinenero zathu zisanu ndi ziwiri mu 1977, ndipo m'menemo timalemba *cimanga*, *nchito*, *cifukwa*, pamene anzathu a tsidya lina la malire amalemba *chimanga*, *ntchito*, *chifukwa*. Munthu wowerenga sapunthwa pa kusiyana kumeneku. Makina amatha kupunthwa, pakuti kwa iwo *cimanga* ndi *chimanga* angathe kukhala mau awiri osiyana.

Pali citsanzo cimene ndimakonda kupatsa ophunzira anga. M'kalembedwe kathu, *kucedwa* ndi kufika nthawi itapita, ndipo *kuchedwa* ndi kupatsidwa dzina. M'kalembedwe ka ku Malawi, *kuchedwa* ndiko kufika nthawi itapita, ndipo kupatsidwa dzina ndi *kutchedwa*. Liu limodzi lolembedwa mofanana lili ndi matanthauzo awiri, malinga ndi dziko la wolemba. Nawonso mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni umalembedwa *Nc'wala*, *Ncwala* kapena *N'cwala* m'manyuzipepala osiyanasiyana.

Nanga mphunzitsi acite ciani? Ena amati tisiye kalembedwe kathu titsate ka ku Malawi, popeza zolembedwa zambiri za pa intaneti m'cinenero cathu zili m'kalembedwe kameneko, ndipo pamene Google Translate inalandira cineneroci mu 2014 inacilandira ndi dzina la Chichewa. Ine sindivomereza. Mwana amene tikumulembera amawerenga *c* m'buku lake la kusukulu, ndipo sitiyenera kumusokoneza. Lembani nkhani yonse m'kalembedwe kovomerezeka mosasakaniza. Koma kamodzi, pafupi ndi poyambira, chulani dzina linalo m'ciganizo coyenda bwino, monga: "Nshawa, zimene ku Malawi amati mtedza, zimakonda dothi losakanikira mcenga." Ciganizo cimeneci cikuphunzitsa mwana wa ku Katete liu latsopano, cikulandiranso wowerenga wa ku Mchinji ndi wa ku Tete. N'cimodzimodzi ndi *kandolo* ndi *mbatata*.

Palinso nkhani ya aphatikiri. Tsinde la *-lim-* limabala *kulima*, *tinalima*, *sanalime*, *mlimi*, *ulimi*, *kalimidwe*. Makina ofufuzira amadziwa bwino kugwirizanitsa mau a banja limodzi m'Cingerezi, koma m'cinenero cathu sitingawadalire kotero. N'cifukwa cake m'mutu ndi m'timitu gwiritsani nchito dzina kapena mneni woyamba ndi *ku-*, pakuti ndiwo mau amene munthu amalemba pofufuza. "Kulima Nshawa" adzapezeka msanga kuposa "Tinazilima Ndithu Caka Cino".

Ndime yoyamba ndi thupi la nkhani

M'caka ca 1997 Jakob Nielsen anafalitsa zimene iye ndi mnzake anapeza poyang'ana m'mene anthu amawerengera pa kompyuta. Mwa anthu 100 alionse, 79 ankangoyendetsa maso pa tsamba kufuna cimene abwerera, ndipo 16 okha ndiwo ankawerenga liu ndi liu. Owerenga athu ambiri ali pa foni ya kagalasi kakang'ono, ndipo mphindi iliyonse ikudya ndalama zao. Ndime yoyamba iyankhe mafunso akuti ciani, ndani, kuti ndi liti. Onani m'mene tinakonzera ya wophunzira uja:

*Kulamba ndi mwambo wa Acewa umene umacitika ku Mkaika, m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti. Pa tsikuli mafumu a Acewa ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ndi kumuuza m'mene madera ao akuyendera.*

Za minibasi ndi fumbi sitinazitaye. Tinazisunthira pakati, ndipo pamenepo zinakoma kuposa poyamba, cifukwa wowerenga anali atadziwa kale kumene ulendowo ukupita. Pa ndime ya Gule Wamkulu tinaonjezera kuti bungwe la UNESCO linauvomereza mu 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ndipo tinaika linki yopita ku tsamba la bungwelo kuti wokayika akadzionere yekha.

Ndime zikhale zazifupi, iliyonse ndi mfundo yake imodzi, ndipo nkhani yaitali igawidwe ndi timitu. Cithunzi ciliconse cikhale ndi mau ocifotokoza, amene amathandiza makina komanso akhungu amene foni imawawerengera. Musaike nkhope kapena dzina lonse la mwana wa sukulu popanda cilolezo ca makolo ndi ca mphunzitsi wamkulu.

Macenjera oyenera kupewa

Mudzakumana ndi anthu okuuzani kuti mubwereze liu limodzi kakhumi m'ndime imodzi kuti makina akukondeni. Njira imeneyi inatha nchito kalekale, ndipo imaononga cinenero. Mu 2011 Google inasintha kasanjidwe kake ndi colinga cotsitsa masamba opanda mfundo ndi ongokopera za ena. Palinso mitu yonyengerera, monga "Simungakhulupirire Zimene Zacitika pa Sukulu Iyi!", pamene nkhani yake ndi ya kupenta zimbudzi. Wowerenga amabwera kamodzi, caciwiri sabweranso. Kwa mphunzitsi colakwaco n'cacikulu kuposa apa, cifukwa ana amene akumuona akuphunzira kuti mutu ungathe kunama.

M'kalasi

Phunziroli silifuna kompyuta. Konzani timapepala khumi, pa kalikonse lembani mutu wa nkhani, ina yomveka, ina yobisa nkhani yake, ndipo timateni pa bolodi. Mwana mmodzi akhale wofufuza, achule mau awiri kapena atatu a cimene akufuna kudziwa, monga "matenda a nkhuku". Wina akhale makina. Iye saloledwa kuganizira kapena kufunsa, koma acotse timapepala tokhato timene tili ndi mau amene achulidwa. Ana amaseka akaona kuti nkhani ya citopa ya mutu wakuti "Tsoka la Agogo" yatsala pa bolodi. Pamenepo agaweni m'magulu kuti akonze mitu yotsalayo, kenaka gulu lililonse lilembe ndime yoyamba ya ziganizo ziwiri. Poyendera magulu samalani ndi ana amene angaganize kuti mwambi waletsedwa. Afunseni kuti auike pati m'nkhanimo.

Zocita

1. Tengani cimangirizo cimene munalemba temu yatha. Lembani mau atatu amene munthu angalembe pocifufuza, ndipo onani ngati akupezeka m'mutu ndi m'ndime yoyamba.
2. Fufuzani pa foni mau akuti *nchito* ndi *ntchito*, kenaka *cimanga* ndi *chimanga*. Lembani kusiyana kwa masamba amene atuluka, mudzakambirane ndi anzanu.
3. Konzani phunziro la mphindi 40 la Giredi 6 pa mutu ndi ndime yoyamba ya nkhani ya mwambo wa Nc'wala.